Timaboti Toyenda ndi Nthunzi: Mmene Turbine Yaing'ono Imagwirira Ntchito

Pakati pa anthu okonda kupanga timaboti totsanzira sitima zenizeni pali kagulu kochepa kamene kamasankha njira yovuta kuposa zonse, yoyendetsa kaboti ndi turbine ya nthunzi. Kaboti kotere kamatalika mita imodzi kapena kuposerapo. M'mimba mwake mumakhala boiler, yomwe ndi kathanki kowiritsira madzi, kenako kamoto ka gasi, timagiya, ndi kawilo kachitsulo ka mamilimita 50 kapena cha pomwepo, kamene nthunzi imakazunguza maulendo 30,000 kapena kuposa pa mphindi imodzi.

Pongoona, turbine ndi yosavuta, chifukwa chozungulira m'kati mwake ndi chimodzi chokha. Vuto lagona poti mmisiri angathe kuchepetsa sitima, boiler, wilo ndi pulopela, koma sangachepetse liwiro la nthunzi. Nthunzi yotuluka pa kabowo ka milimita imodzi imathamanga chimodzimodzi ndi yotuluka pa bowo la makina aakulu, malinga kupanikizika kwake kukhale kofanana. Mapangidwe onse a ka turbine ka m'kaboti amachokera pa mfundo imeneyi.

Turbine ndi chiyani

Madzi akawira amasanduka nthunzi, ndipo pamtetete lita imodzi ya madzi imatulutsa nthunzi yodzaza malo a malita pafupifupi 1,700. Madziwo akawiritsidwira m'chotengera chotsekeka, nthunzi imasowa kolowera, choncho imapanikizika n'kumakankha makoma. Kupanikizika kumeneku, komwe amakaniko amati pulesha, kumayezedwa m'ma bar. Pulesha ikamakwera, madzi amawira atatentha kwambiri. M'mphepete mwa nyanja yamchere amawira pa madigiri 100, koma geji ya boiler ikamaonetsa ma bar 4 amakhala atafika pa madigiri pafupifupi 152.

Pali njira ziwiri zosandutsira mphamvu ya nthunziyi kukhala ntchito. Yoyamba ndi ya pisitoni. Nthunzi imalowa m'silinda, imakankha pisitoni kupita uku ndi kubwerera, ndipo mkono wachitsulo umasandutsa kupita ndi kubwererako kukhala kuzungulira. Yachiwiri ndi ya turbine. Nthunzi imatulutsidwa pa kamlomo kopapatiza kuti ithamange, kenako imawomba timapiko tokhota tozungulira m'mphepete mwa wilo. Timapikoto timaibweza njira, ndipo pobwezedwapo imakankha wilo. Palibe choima n'kubwerera, zonse zimangozungulira mbali imodzi. Ma turbine otere ndi amene amapanga magetsi ambiri padziko lapansi, ndipo ku Malawi amapezeka m'mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, komwe zotsalira za nzimbe zimawotchedwa kuti ziwiritse madzi.

Kumene zinachokera

Nzeru yozunguza chinthu ndi nthunzi ndi yakale. M'zaka 100 zoyambirira Khristu atabadwa, Hero wa ku Alexandria anafotokoza za mpira wachitsulo wozungulira chifukwa cha nthunzi yotuluka pa timipope tiwiri tokhota. Mu 1629 Giovanni Branca wa ku Italy anajambula wilo lowombedwa ndi nthunzi. Koma turbine yogwira ntchito yeniyeni inabadwa m'zaka za m'ma 1880, m'manja mwa anthu awiri amene anadzera njira zosiyana.

Gustaf de Laval wa ku Sweden ankafuna chozunguzira makina ake olekanitsa mafuta ndi mkaka. Iye anagwiritsa ntchito wilo limodzi, n'kulola nthunzi kuti ithe pulesha yake yonse m'kamlomo isanafike pa timapiko. Ma turbine ake ang'onoang'ono ankazungulira mpaka maulendo 30,000 pa mphindi, moti ankafunika magiya ochepetsa liwirolo. Charles Parsons wa ku Britain, mu 1884, anandandalika mizere yambiri ya timapiko pa shafiti imodzi, wina wozungulira wina woima, kuti nthunzi izisiya mphamvu yake pang'onopang'ono ikamadutsa. Turbine yake yoyamba inkazungulira maulendo 18,000 pa mphindi ndipo inkapanga magetsi okwana makilowati 7.5.

Parsons ndi amene anatengera turbine pamadzi, ndipo anayamba ndi timaboti. Anapanga kena kotalika masentimita 60 ndi kena ka pafupifupi mamita 2, n'kumatiyesa padziwe kuti adziwe mphamvu imene boti lenileni lidzafune. Kenako anamanga Turbinia, boti lowonda lotalika mamita pafupifupi 32, limene linalowa m'madzi mu 1894. Poyamba linakhumudwitsa. Pulopela yake imodzi inkazungulira mothamanga kwambiri moti madzi ankasanduka thovu la nthunzi kuseri kwa mapiko ake, n'kumangopalasa mphako. Parsons anapanga kachipangizo koonera vutoli ndi maso, ndipo potsiriza anaika mashafiti atatu, iliyonse ya mapulopela atatu. Pa 26 June 1897, ku Spithead, pa chionetsero cha sitima zankhondo chokondwerera zaka 60 za ufumu wa Mfumukazi Victoria, Turbinia inadutsa pakati pa mizere ya sitimazo pa liwiro la mtondo wadooka, ndipo maboti olondera sanaipeze. Inkatha kuthamanga makilomita oposa 60 pa ola. Patangopita zaka khumi, turbine inali ikuyendetsa sitima yankhondo ya HMS Dreadnought ya mu 1906 ndi sitima zikuluzikulu za anthu, Mauretania ndi Lusitania, za mu 1907. Turbinia ikusungidwa mpaka lero ku Discovery Museum mumzinda wa Newcastle upon Tyne.

Nthawi yomweyo luso lopanga timakina panyumba linali likukula ku Britain. Magazini ya Model Engineer inayamba kutuluka ku London mu 1898, ndipo mu 1904 kunakhazikitsidwa Victoria Model Steamboat Club, kalabu imene mamembala ake amayendetsa timaboti padziwe la ku Victoria Park mumzindamo. Amisiri a m'makalabu otere ataona kuti sitima zatsopano zikuyenda ndi turbine, anafuna kuti timaboti tawo titsanzire mpaka m'kati momwe. Apa mpamene anakumana ndi vuto limene lidakalipo mpaka pano.

Liwiro limene silichepa

Nthunzi ya ma bar 4 ikatuluka pa kamlomo kopangidwa bwino imathamanga mamita oposa 700 pa sekondi imodzi, kuwirikiza kawiri liwiro la phokoso mumpweya. Kuti wilo limodzi la mtundu wa de Laval litenge mphamvu yochuluka kwa nthunziyo, timapiko take tiyenera kuthamanga pafupifupi theka la liwirolo. Chifukwa chake n'chomveka. Wilo likaima, nthunzi imagunda n'kubwerera ndi liwiro lake lonse, osagwira ntchito iliyonse. Wilo likathamanga mofanana ndi nthunzi, nthunziyo siingalikankhe chifukwa siikulipeza. Pakatikati mpamene nthunzi imatuluka itatheratu mphamvu, itazisiya zonse pa wilo.

Theka la 700 ndi mamita 350 pa sekondi. Wilo lalikulu limafika pamenepo mosavutikira, popeza ulendo umodzi wokha mphepete mwake mumayenda mtunda wautali. Koma kawilo ka mamilimita 50, kakazungulira kamodzi, mphepete mwake mumayenda masentimita osakwana 16. Kuti kafike pa mamita 350 pa sekondi kayenera kuzungulira maulendo oposa 130,000 pa mphindi. Amisiri ambiri a panyumba sangafike pamenepo. Kawiloko kakamazungulira maulendo 30,000, timapiko take timayenda mamita pafupifupi 80 okha pa sekondi, ndipo nthunzi imatuluka idakali ndi mphamvu zake zambiri, n'kukathera mumlengalenga.

Pali zinanso zimene zimadya mphamvu. Pa ka turbine kakang'ono pamakhala kamlomo kamodzi kapena tiwiri, choncho timapiko towerengeka tokha ndi timene timalandira nthunzi pa nthawi imodzi. Totsalato timangovundula nthunzi ndi madontho a madzi m'kati mwa chikuto chophimba wilo, zomwe zimakoka wilo m'mbuyo. Mpata wa pakati pa wilo ndi chikuto nawo suchepa mofanana ndi makinawo. Kampata ka theka la milimita n'kosawerengeka pa piko lalitali, koma pa kapiko ka mamilimita 3 ndi khomo lalikulu lothawirapo nthunzi. Ichi n'chifukwa chake njira ya Parsons ya mizere yambiri siikondedwa m'timaboti, popeza mzere uliwonse umawonjezera pothawira. Komanso chinthu chaching'ono chimazizira msanga, motero nthunzi imasanduka madzi isanagwire ntchito.

Kamlomo ndi kawilo

Kamlomo ndiko kamasandutsa pulesha kukhala liwiro, ndipo kakalakwika palibe china chingakonze. De Laval anapeza kuti kabowo kongopapatiza kamathamangitsa nthunzi mpaka pa liwiro la phokoso basi. Kuti ipyole pamenepo, kabowoko kayenera kupapatiza mpaka pakhosi kenako n'kuyamba kutambasuka pang'onopang'ono. M'kaboti, khosilo limakhala pakati pa theka la milimita ndi milimita imodzi. Mmisiri amaboola kachitsulo ka brass ndi kadirilo kowonda ngati singano, kenako amakulitsa potulukira ndi kachitsulo kosongoka kamene wanola yekha, n'kusalaza m'katimo. Kamlomoko kamalozetsedwa chopendekera, pafupifupi madigiri 20, ndipo kamayandikizidwa kwa timapiko mmene kungathekere popanda kukhudza.

Kawilo kamasemedwa kuchokera ku chitsulo chimodzi cha brass, aluminiyamu yolimba kapena chitsulo chosachita dzimbiri. Timapiko tomatidwa kapena towotcherera timatha kuthothoka pa liwiro lotere. Kusema timapiko tokhota 40 kapena 60 tofanana ndendende ndi ntchito ya masiku ambiri pa makina a manja, choncho amisiri ambiri amatsata njira ya Johann Stumpf wa ku Germany. M'malo mwa timapiko, amakumba timaenje tozungulira m'mphepete mwa wilo, kalikonse ndi kampeni kozungulira kolowetsedwa chopendekera. Nthunzi imalowa mbali ina ya kadzenje, imakhota potsata khoma lake, n'kutulukira mbali inayo. Masiku ano makina osema molamulidwa ndi kompyuta apeputsa ntchitoyi, moti timapiko tokhota bwino tayamba kupezeka ngakhale m'mashedi a kuseri kwa nyumba.

Popeza nthunzi imachoka pa wilo idakali ndi liwiro, ena amaigwiritsanso ntchito kachiwiri. Charles Curtis wa ku America, mu 1896, anaika mizere iwiri ya timapiko pa wilo limodzi, pakati pake n'kuikapo mzere woima wobweza nthunzi kuti iwombe mzere wachiwiriwo. Njirayi imatsitsa liwiro lofunika pa timapiko kufika pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo anayi a liwiro la nthunzi, zomwe zimathandiza kwambiri kawilo kakang'ono. Ma turbine a mtundu wa Terry amachita zofananazo pobweza nthunzi kangapo pa timaenje ta wilo lomwelo. Palinso amene amayesa turbine ya Nikola Tesla ya mu 1913, yopanda timapiko, ya timbale tosalala toyandikana timene nthunzi imatikoka podutsa pakati pake. Ndi yosavuta kupanga, koma mphamvu yake yopotokola shafiti imakhala yochepa.

Kulemera kofanana mbali zonse

Chinthu chozungulira chimakokera kunja, ndipo liwiro likawirikiza kawiri kukokako kumawirikiza kanayi. Ngati m'mphepete mwa kawilo ka mamilimita 50 mbali imodzi yalemererapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu, pa maulendo 30,000 kulemerako kumakoka shafiti ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu awiri ndi theka, ndipo kukokako kumazungulira maulendo 500 pa sekondi iliyonse. Kaboti konse kamanjenjemera, zomangira zimamasuka, ndipo ma bearing, omwe shafiti imazunguliramo, amatha m'mphindi zochepa. Choncho mmisiri amagoneka shafiti ya kawilo pa mipeni iwiri yowongoka yoikidwa pamalo osapendekera, n'kuona mbali imene ikutsikira pansi. Amapala pang'ono mbali imeneyo n'kuyesanso, mpaka kawilo kaziima paliponse pamene kasiyidwa.

Ma bearing amafunika a timipira, osachita dzimbiri, opirira kutentha ndi chinyezi. Ena amagwiritsa ntchito a mtundu wa m'tizipangizo ta madokotala a mano, timene timazungulira maulendo oposa 300,000 pa mphindi. Amaikidwa patali pang'ono ndi chikuto chotentha, ndipo amapakidwa mafuta opepuka, chifukwa girisi wolimba pa liwiro lotere amadya gawo lalikulu la mphamvu yochepa imene ilipo.

Kuchoka pa wilo kufika pa pulopela

Pulopela ya kaboti kotsanzira sitima imagwira bwino ntchito pa maulendo 1,000 mpaka 3,000 pa mphindi. Ikalumikizidwa mwachindunji ku turbine, imodzi mwa izi imachitika: mwina imailemera turbine n'kuikanikitsa kufika pa liwiro lake, mwina imapalasa thovu monga zinachitikira pa Turbinia. Pakati pake payenera kukhala magiya. Turbine ya maulendo 30,000 ndi pulopela ya maulendo 2,000 zimafuna magiya ochepetsa liwiro ka 15, ndipo kawirikawiri izi zimachitika m'masitepe awiri. Kagiya koyamba, ka pa shafiti ya turbine, kamakhala kachitsulo cholimba ka mano ochepa ang'onoang'ono, ndipo ndiko kamavutika kuposa onse. Mano akalumana mothina mphamvu imathera m'kutentha, akalumana motayirira amabulumunyika. Sitima zenizeni nazo zinadutsa momwemu, pakuti cha m'ma 1910 Parsons anayesa magiya pa sitima ya katundu ya Vespasian, ndipo m'kupita kwa nthawi magiya anakhala chizolowezi.

Vuto lina ndi lobwerera m'mbuyo. Injini ya pisitoni imatembenuzika posintha kalowedwe ka nthunzi, koma timapiko ta turbine tinakhotera mbali imodzi. Ngakhale pa Titanic ya mu 1912, pulopela yapakati yoyendetsedwa ndi turbine sinkabwerera m'mbuyo, ndipo ntchitoyo inkagwiridwa ndi mainjini awiri a pisitoni. M'timaboti ena mumaikidwa kawilo kachiwiri ka timapiko toyang'ana kwina, kokhala ndi kamlomo kakekake. Ena amaika magiya otembenuza, ena pulopela imene mapiko ake amatha kupendamitsidwa ili m'kati mozungulira.

Njira ina ndi yodzera m'magetsi. Turbine imazunguza kajenereta, ndipo magetsi ake amayendetsa mota ya pulopela. Si zachilendo pa sitima zenizeni, chifukwa Normandie ya ku France ya mu 1935 inkayenda choncho. Timamota ta masiku ano topanda mabulashi timapirira liwiro lalikulu ndipo timatha kugwira ntchito ngati jenereta, motero magiya amatha kuchotsedwa, turbine n'kumazungulira pa liwiro limodzi loiyenera, pamene kuthamanga ndi kubwerera m'mbuyo kukulamulidwa pa mota.

Boiler ndi moto

Turbine yaing'ono imamwa nthunzi kwambiri. Kamlomo ka khosi la milimita imodzi, pa ma bar 4, kamatulutsa nthunzi yochokera m'madzi okwana pafupifupi malita awiri pa ola. Kuwiritsa madzi amenewo kumafuna kutentha kwa pafupifupi kilowati imodzi ndi theka, kosasiyana kwenikweni ndi kwa ketulo yamagetsi ya m'khitchini, ndipo moto uyenera kuposa pamenepo popeza kutentha kwina kumathawira m'chumuni. Pa mphamvu yonseyo, imene imakhala m'liwiro la nthunzi ndi mawati pafupifupi 150, ndipo yofika pa pulopela ndi kachigawo chabe ka amenewo. Boiler yokhala ndi theka la lita la madzi ogwiritsika ntchito imauma m'mphindi pafupifupi 15, pokhapokha pakhale kapampu kowonjezera madzi kaboti kali pa ulendo.

Choncho boiler ya turbine imakhala yaikulu kuposa ya injini ya pisitoni ya mphamvu yofanana, ndipo ndiyo imalamula kukula kwa kaboti. Imapangidwa ndi kopa, chifukwa kopa amadutsitsa kutentha msanga ndipo sachita dzimbiri. Brass saloledwa pa thupi la boiler chifukwa madzi otentha amachotsamo zinki pang'onopang'ono mpaka chitsulocho chimafumbutuka. Polumikiza pamawotchereredwa ndi mtovu wa siliva, umene umasungunuka pa madigiri oposa 600. Mtovu wamba wolumikizira mawaya umasungunuka usanafike pa madigiri 200, ndipo umafooka kale usanasungunuke. M'kati mwa boiler mumadutsa timapaipi tochulukitsa malo okumanirana moto ndi madzi. Nthunzi isanapite ku kamlomo imadutsitsidwanso pa kapaipi kopyola m'moto kuti iume, popeza madontho a madzi amachedwetsa nthunzi ndiponso amakokolola timapiko.

Kale potenthetsa boiler amisiri ankagwiritsa ntchito sipiriti kapena stovu ya palafini yopopa, koma masiku ano ambiri amayatsa gasi wa butane, nthawi zina wosakaniza ndi propane. Gasi akamatuluka kathanki kake kamazizira, pulesha yake imatsika, moto n'kufooka, choncho kathankiko kamaikidwa pamalo ofunda pang'ono koma osati otentha.

Pali mtundu wina wa boiler wopanda thanki. Ndi paipi yaitali yowonda ya chitsulo chosachita dzimbiri, yopiringizidwa n'kuikidwa m'malawi. Pampu imakankhira madzi mbali imodzi, ndipo amatulukira mbali inayo atasanduka nthunzi yotentha kwambiri. Ndi yopepuka ndipo imapereka nthunzi yochuluka, koma madzi ndi moto zikapanda kugwirizana paipiyo imapsa kapena kutulutsa madzi okhaokha. Timaboti ta mpikisano tomangidwa chingwe n'kumazungulira mlongoti wa pakati pa dziwe timagwiritsa ntchito boiler yotere, ndipo tina tapyolapo makilomita 150 pa ola. Chochititsa chidwi n'choti timaboti tothamangitsitsa timeneti timayenda ndi pisitoni.

Padziwe

Mwini kaboti amayamba ndi kuthira madzi otchezedwa kapena a mvula osefa, chifukwa madzi a mchere wambiri amasiya zokakamira zimene kachidutswa kake kamodzi kangatseke kamlomo. Amathira mpaka kagalasi koonera madzi kasonyeze kupitirira theka, kusiya malo a nthunzi pamwamba. Amadontheza mafuta pa magiya, amayatsa moto, n'kudikira muvi wa geji. Pulesha ikafika pa mlingo wake, valavu yotetezera imatseguka yokha n'kufwenthera nthunzi, ndipo ichi ndi chizindikiro choti ikugwira ntchito. Kenako amatsegula nthunzi pang'ono kuti itenthetse mapaipi ndi chikuto. Poyamba m'chumuni mumatuluka madontho, kenako mumamveka kulira kotsika kumene kumakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala likhweru lakuthwa. Wozolowera amadziwa liwiro la kawilo pomvera kulirako.

Nthunzi yonse imatsegulidwa kaboti katalowa kale m'madzi. Pulopela ikakhala pamtunda palibe choiletsa, ndipo turbine yopanda katundu imathamanga mopyola malire mpaka ma bearing kapena kawilo kawonongeke. Padziwepo kaboti kamalamulidwa ndi limoti, imene imatembenuza chiwongolero ndi kutsegula kapena kutseka valavu ya nthunzi. Kamanyamuka mwaulesi popeza turbine imayamba yasonkhanitsa liwiro, koma kakangonyamuka kamayenda mosalala, kopanda kugwedera kwa pisitoni. Ubwino wina ndi woti nthunzi ya turbine siifuna kusakanizidwa ndi mafuta monga ya m'silinda, choncho yotulukayo siidetsa dziwe.

Chitetezo

Boiler, ngakhale yaing'ono, imasunga madzi otentha kuposa madigiri 100. Ikang'ambika, gawo la madziwo limasanduka nthunzi nthawi yomweyo ndipo lingathe kuwaula munthu koopsa. M'makalabu a ku Britain boiler yatsopano imayesedwa podzazidwa madzi ozizira n'kupopedwa kufika pa pulesha yowirikiza kawiri imene izigwirira ntchito. Amayesera madzi chifukwa safinyika, motero polumikiza pakalephera amangodontha osaphulika. Pambuyo pake imayesedwa pamoto kuti aone ngati valavu yotetezera ikutha kutaya nthunzi yonse moto uli pachimake, ndipo mayesowa amabwerezedwa nthawi ndi nthawi.

Boiler siiyenera kuuma moto ukuyaka. Ambiri amaika gasi woti athe madzi asanathe. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, ndipo akadontha amakhazikika pansi pa kaboti n'kuyaka mwadzidzidzi, choncho kathanki kamadzazidwira kunja ndipo m'kabotimo mumapepesedwa musanayatsidwe. Chikuto cha turbine chiyenera kukhala chochindikala mokwanira kugwira zidutswa ngati kawilo kasweka, ndipo poyesa munthu saima molunjika mphepete mwa wilo. Ana angathe kuonerera ndi kuphunzira, koma moto ndi boiler zikhale m'manja mwa wamkulu.

Phindu lake

Ikayerekezedwa ndi njira zina, turbine yaing'ono imagonja pa zambiri. Mota ya batire ndi yotchipa, yopepuka ndipo imamvera msanga. Injini ya pisitoni imamwa nthunzi yochepa, imatembenuzika mosavuta, ndipo kawirikawiri imazunguza pulopela popanda magiya. Komabe amisiri akupitiriza kupanga ma turbine, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Wopanga kaboti kotsanzira Turbinia kapena sitima yankhondo ya m'zaka za m'ma 1900 amafuna kuti kaziyenda ndi makina a mtundu womwewo, n'kumalira monga sitimazo zinkalirira. Ndiponso ntchitoyi imaphunzitsa zambiri pa kachipangizo kamodzi: kuyeza molondola, kusema zitsulo, kuwotcherera, kuwerengera kutentha ndi liwiro, ndi kulemekeza pulesha. Cholakwa chilichonse chimaonekera pompo, pa muvi wa geji kapena pa liwiro la kaboti.

Wofuna kuyamba angachite bwino kupanga kaye injini ya pisitoni ya silinda imodzi, n'kuzolowera boiler yoyesedwa bwino, kenako n'kuyesa kawilo kake koyamba ndi mpweya wa kompuresa asanakapatse nthunzi. Akadzafika pa turbine, zinthu zinayi ndi zimene zidzaweruze ntchito yake: boiler yopereka nthunzi youma yokwanira, kamlomo kosemedwa bwino, kawilo kolemera mofanana mbali zonse, ndi magiya olola kawiloko kuthamanga pamene pulopela ikuyenda pa liwiro lake. Chimodzi mwa izi chikaperewera, kaboti kamangolira likhweru osapita patali.